Mutu 6: Chikwama cha Ana

1. Lamulo la aphunzitsi

Loweruka lomaliza la mwezi wa Meyi, Kafupi anafika wachinayi pa mpikisano wa njinga za m'mapiri wa atsikana a pasukulu pake. Malo opita ku mpikisano waukulu analipo anayi. Koma Kafupi anafika wopanda chikwama cha madzi kumsana, ndipo dzina lake silinalembedwe tsiku limenelo.

Nkhaniyi inayamba Lolemba la sabata yomweyo.

Kafupi anali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi chimodzi. Dzina lake lenileni linkamveka poitana mayina m'kalasi basi. Kwina konse anali Kafupi, chifukwa pa mzere uliwonse woima potsata msinkhu, iye ndiye ankatsogola. Dzinalo sankalikonda, koma akaitanidwa ankatembenuka.

Mnzake wa pa desiki imodzi anali Nsungwi, mtsikana wamtali amene ankafufuta bolodi mpaka kumwamba osadumpha. Awiriwa analowa gulu la njinga chaka chimodzi. Pa chitunda Kafupi ankamusiya Nsungwi. Pa mtsetse Nsungwi ankamupeza n'kumudutsa. Zinkatero nthawi zonse, ndipo gulu lonse linkadziwa.

Lolemba ataweruka, atsikana asanu ndi awiri a gululo anasonkhana m'chipinda chosungira njinga. Munkanunkha girisi. Njinga zinali zopachikidwa pakhoma, tayala lakutsogolo m'mwamba. Aphunzitsi a sayansi, amene ankatsogolera gululo, anakhala pa bokosi la masipanala.

"Loweruka tikwera phiri la kuseri kwa sukulu," anatero. "Njira mukuidziwa. Mukwera mbali ya kummawa, mutsikira ya kumadzulo, mudzathera pa bwalo la mpira. Anayi oyamba ndiwo adzaimire sukulu mu Julayi. Tsopano mverani lamulo, chifukwa Loweruka sindidzalibwereza.

"Aliyense anyamuke ndi chikwama cha madzi kumsana, afikenso nacho kumsana. Mabotolo sindikuwafuna. Botolo limathothoka pa miyala, wobwera m'mbuyo n'kuliponda. Ndiponso womwa m'botolo amachotsa dzanja pa handulo, pamene wa chikwama amangoluma kapaipi manja ali m'malo. M'phiri muja mulibe mpope. Mwana amene ludzu lamugwira amayamba kuona miyala iwiri pamene pali umodzi. Amazemba wabodzawo n'kugunda weniweniwo.

"Ndikudziwa kuti pamakhala wochenjera amene amaganiza kuti akavula chikwama panjira, apepukidwa n'kupitirira anzake. Ameneyo kwa ine sanafike. Ngakhale adutse mzere ali woyamba, dzina lake sindilemba."

Kafupi analibe chikwama. Masiku onse ankayenda ndi botolo. Nsungwi anali nacho chofiira, chachikulu, chimene anamusiyira achimwene ake.

"Ugula liti chako?" anafunsa Nsungwi akutuluka.

"Lachitatu. Azakhali alonjeza."

"Ukafunse ku shelefu ya ana a sukulu ya mkaka. Kuli zina zokhala ndi makutu a mphaka."

"Iwe chako anasoka ndi tenti," anayankha Kafupi. "Mvula ikagwa tonse tidzalowa momwemo."

Atsikana anaseka. Kafupi anaseka nawo, koma anasiya msanga kuposa anzake.

2. M'sitolo ya njinga

Kafupi ankakhala ndi azakhali ake, namwino wa m'chipinda cha anthu othyoka mafupa. Nawonso anali aafupi, moti awiriwa akamayenda limodzi, owaonera kumbuyo ankawayesa ana a kalasi imodzi. Azakhaliwo ndi amene anamuphunzitsa njinga, ndipo pa masiku awo opuma ankakwera phiri lomwelo.

Lachitatu madzulo anapita limodzi ku sitolo ya njinga. Kudenga kunali matayala olendewera. Khoma limodzi linali la zikwama zokhazokha, ndipo pambali pake panali galasi lalitali lodziyang'anira. Mayi wogulitsa anali ndi tepi m'khosi ngati telala.

"Tembenuka, mwana wanga," anatero mayiyo. "Weramitsa mutu."

Anapapasa kafupa kotumphuka pamene khosi limakumana ndi msana. Anaika tepi pamenepo n'kuitsitsa mpaka pa mafupa a m'chiuno. Atawerenga, analambalala zikwama zonse za pakhoma n'kukatenga chimodzi pa shelefu ya pansi, pafupi ndi tinjinga ta matayala atatu. Chinali chobiriwira, chaching'ono, cha lita imodzi ndi theka.

"Cha msana wako ndi ichi. Ndi cha ana, koma chili ndi zonse."

"Cha ana?"

"Ndi mmene analembera pa kapepalapa. Chikwama sichifunsa kuti uli kalasi yanji. Tavala."

Kafupi anavala. Chikwamacho chinakhala pakati pa mapewa ngati chinamera pomwepo. Mayiyo anamanga lamba wa pachifuwa ndi wa m'chiuno. Chomangira chilichonse chinalira kuti thwa.

"Zomangira izi sizimasuka zokha, ngakhale ugubuduke," anatero. "Mpaka uzitsine mbali zonse ziwiri, chonchi. Mbali yogunda msanayi ili ndi ngalande zopitamo mphepo kuti thukuta lisakhazikike. Tapuma kwambiri. Lamba akukuthina?"

"Ayi."

"M'khosimu akukupala?"

"Ayi."

Kafupi anatembenukira pagalasi. Pa phewa pankalendewera kapepala kaja. Panali chithunzi cha kamwana koseka, mano awiri akutsogolo kalibe. Anatsina zomangira zonse ziwiri n'kuvula. Kenako analoza pakhoma.

"Ndione chofiira icho."

"Chimenecho ndi cha malita atatu. Anasokera anthu aatali."

"Ndingochiona."

Anachivala. Kumunsi chinapitirira m'chiuno. Kumtunda chinafika pafupi ndi nkhongo. Anaima chilili pagalasi, anatembenukira uku ndi uku. Chinali chofanana ndendende ndi cha Nsungwi, kungoti ichi chinali chatsopano.

"N'chopepuka," anatero.

"Mulibe kanthu, ndiye chilemera ndi chiyani?" anayankha mayiyo. Anayang'ana azakhali. "Amayi, muuzeni mwana wanu."

Azakhali anali atapinda manja pachifuwa.

"Ndinamuuza kuti asankha yekha, ndipo mawu sindisintha. Koma iwe udziwe kuti ndikugula kamodzi." Anatembenukira kwa wogulitsa. "Mumalola kusintha?"

"Timalola, bola kapepala kakhale kalipo. Koma thumba la mkatimo likangolawa madzi, zathera pomwepo. Palibe amene angagule chimene mnzake wamwera."

Anatenga chofiiracho.

3. Mawu a azakhali

Atafika kunyumba, azakhali anaika chikwamacho pa tebulo la kukhitchini. Anatsegula zipi n'kutulutsa thumba la madzi, lofewa, lokhala ndi kapaipi kake. Analiika pamwamba pa kabati, kutali ndi mpope.

"Khala pansi," anatero. "Ndiyankhula kamodzi, ukatero uchite zimene wasankha.

"Chikwama cha njinga sachiyesa munthu ataimirira pagalasi. Panjinga suimirira. Sachiyesanso chopanda kanthu. Madzi lita imodzi amalemera kilo imodzi. Malita atatu ndi makilo atatu, kuwonjezapo pampu, chubu ndi masipanala. Njira ya Lowerukayo sumaliza ngakhale theka la madzi amenewo. Otsalawo ungowakweza phiri n'kuwatsitsa.

"Koma kulemera si nkhani yaikulu. Nkhani ndi kutalika. Pa mtsetse sukhala pa chishalo. Umabwerera m'mbuyo, chifuwa pansi, mutu n'kudzutsa kuti uone kutsogolo. Pamenepo nkhongo imapita m'mbuyo, chikwama chimatsetserekera kumapewa. Chikakhala cha msinkhu wako, lamba wa m'chiuno amachigwira. Chikakhala chachitali, lambayo amagwera pansi pa mafupa a m'chiuno, sagwira kanthu. Chikwama chimakankha chisoti, chisoti n'kugwera m'maso.

"Ine ndimalandira okwera njinga kuntchito kwanga. Ndikawafunsa kuti chinachitika n'chiyani, ochepa okha ndi amene amati buleki inakana. Ambiri amati, sindinaone."

Kafupi ankasewera ndi zipi.

"Nsungwi ali nacho chomwechi, ndipo sanagwepo."

"Nsungwi ali ndi msana wa Nsungwi. Kapena wakubwereka?"

Kafupi anasiya zipi ija. Azakhali anapitiriza.

"Ndikudziwa chimene chakupweteka. Ndi mawu aja akuti cha ana. Ine nsapato ndimagula ku mbali ya ana mpaka lero, ndipo palibe wodwala amene anakanapo jakisoni wanga chifukwa cha zimenezo. Kapepala timadula ndi sizasi. Msana sungautalikitse pofika Loweruka.

"Mayesedwe ake ndi awa. Mawa ndikaweruka tiika mabotolo atatu otseka bwino m'chikwamamo, thumba lake lili pakabati pomwepo. Uvala chisoti, ukwera njinga, ine ndigwira handulo. Uwerama ngati ukutsika phiri, udzutsa mutu, ine ndigwedeza njinga. Chikapanda kugunda chisoti, ndapepesa, n'chako. Chikagunda, Lachisanu tikasintha. Mpaka nthawi imeneyo thumbalo lisaone madzi. Wamva?"

"Ndamva, azakhali."

4. Lachinayi masana

Lachinayi Kafupi anafika kunyumba azakhali asanaweruke. Anavula yunifomu. Anatenga mabotolo atatu, anawadzaza pa mpope, anawatseka n'kuwapukuta. Anawaika m'chikwama monga mmene azakhali ananenera.

Anatulutsa njinga n'kuiimika m'kanjira kopapatiza ka pakati pa nyumba ndi mpanda, pamene akanatha kutsamira khoma ndi chigongono. Anavala chisoti. Anamanga malamba onse mpaka pothera. Anakwera, anabwerera m'mbuyo kuchoka pa chishalo, anatsitsa chifuwa n'kudzutsa mutu.

Chikwama chinagunda chisoti kuti gu.

Anatsika. Anakoka malamba a m'mapewa, anakwezako lamba wa pachifuwa, anakweranso. Ulendo uno anagwedeza njinga. Chisoti chinatsika mpaka pa nsidze, ndipo m'malo mwa geti ankangoona tayala lakutsogolo.

Anayesanso kachitatu, khosi atalipinda mwanjira ina. Zinali chimodzimodzi.

Anabweza njinga m'malo mwake. Anachotsa mabotolo aja n'kukhuthulira madziwo pa maluwa. Analowa kukhitchini. Kenako anakoka mpando, anakwerapo, anatsitsa thumba lija pamwamba pa kabati. Analitsegula, analitchera pa mpope n'kulidzaza mpaka pa mzere wa malita atatu. Analuma kapaipi n'kumwa. Madziwo ankamveka pulasitiki.

Azakhali atalowa, anapeza thumbalo lili pa tebulo, lodzaza, madontho ali mbali zonse. Anaika chikwama chawo cha kuntchito pa mpando. Anayang'ana thumbalo, anayang'ana Kafupi.

"Unayesa kaye, kapena unangothira?"

"Ndinayesa."

"Chinagunda?"

"Pang'ono."

Azakhali anasamba m'manja. Anapukuta chala chimodzichimodzi monga amachitira kuntchito.

"Chabwino. Chakhala chako. Bwera nacho kuno tione chimene chingatheke."

Anakhuthula theka la madziwo. Anazondotsa thumbalo, anauza Kafupi kuti ayamwe mpweya wonse wotsala mkatimo kuti madzi asamakhutchuke. Anapinda nsonga za malamba n'kuzimanga ndi mphira kuti zisakodwe m'nthambi. Anakoka lamba wa m'chiuno mpaka anathera, koma chibakera chawo chinkalowabe pakati pa lambayo ndi mimba.

"Apa ndi pamene lamba wathera," anatero. "Pa mtsetse utsike pang'onopang'ono. Ukafika wachisanu, wafika. Aphunzitsi ako andipempha kuti ndikakhale pa bwalo ndi bokosi la mankhwala. Ndikufuna ndikangokhala osalitsegula."

5. Paphiri

Loweruka m'mawa atsikana asanu ndi awiri anaima pa mzere pa geti la sukulu. Aphunzitsi anadutsa kumbuyo kwawo akufinya chikwama chilichonse kuti amve ngati muli madzi. Atafika pa Kafupi anakoka chikwama chake m'mwamba, ndipo chinakwera mpaka kugunda chisoti.

"Ichi n'chako?"

"N'changa, aphunzitsi."

"Uchenjere nacho."

Nsungwi anasuzumira.

"Aa, tagula tenti nafenso? Koma iwe ukuoneka ngati kamba."

"Kamba yemweyo umuonera kumbuyo," anayankha Kafupi.

Wezulo inalira.

Pa chitunda zinayenda monga mwa masiku onse. Chikwama chinkapendamira uku ndi uku, lamba wa kumanzere ankamupala m'khosi, koma miyendo ya Kafupi inali yozolowera. Anadutsa anzake mmodzimmodzi. Anamusiya Nsungwi pa mitengo yoyamba akupuma mwawefuwefu. Pofika pamwamba, Kafupi anali wachiwiri.

Kenako njira inayamba kutsika.

Pa khona yoyamba anabwerera m'mbuyo n'kudzutsa mutu. Chikwama chinagunda. Chisoti chinatsika, iye n'kuchikankha ndi dzanja lamanzere. Njinga inagwedezeka koma sinagwe. Anafinya mabuleki n'kuyamba kutsika pang'onopang'ono monga anamuuzira azakhali.

Mtsikana wina anamudutsa. Patapita kanthawi anamudutsanso wina. Tsopano anali wachinayi.

Mabuleki a njinga ya Nsungwi ankalira ngati chitseko chakale, ndipo aliyense m'gululo ankawadziwa. Kafupi anawamva chakumtunda, kuseri kwa mitengo. Anali akadali patali, koma ankayandikira.

Analeka mabuleki.

Kutsogolo kunali khona ya pa chigwembe. Pamenepo njira imakhotera kumanja, ndipo kumanzere kuli thengo lotsetserekera ku mtsinje wouma. Pali mizu ya mitengo yodutsa njira. Tayala lakutsogolo litaponda muzu woyamba, chikwama chinadumpha. Litaponda wachiwiri, chisoti chinatseka maso onse.

Kafupi anafinya mabuleki onse awiri. Tayala lakumbuyo linakhwekhwereza fumbi kulunjika kuchigwembe. Iye anagwera kumanja, chigongono ndi bondo patsogolo.

Anadzuka. Chigongono chinali chitasupuka, magazi akutsikira m'dzanja. Handulo inali yowongoka. Tcheni chinali m'malo. Kutsogolo kunatsala makhona ena ambiri, ndipo kumtunda mabuleki aja analiranso.

Analuma kapaipi n'kumwa kwambiri. Kenako anatsina chomangira cha pachifuwa, anatsina cha m'chiuno, anavula chikwama n'kuchiponya pambali. Chinagubuduka n'kukakodwa pa chitsamba cha m'mphepete mwa chigwembe, pamene mzere wa tayala unathera. Sanachiyang'anenso. Anakonza chisoti, anakwera njinga.

Mtsetse wotsalawo anautsika mofulumira kuposa tsiku lina lililonse. Njira yonse ankaiona. Mabuleki a Nsungwi sanawamvenso.

6. Pa bwalo la mpira

Kafupi anadutsa mzere ali wachinayi. Ana a sukulu amene anabwera kudzaonerera anaomba m'manja. Aphunzitsi sanaombe nawo. Anazungulira n'kuyang'ana kumsana kwake. Malaya anali onyowa ndi thukuta pamene panali chikwama.

"Pita kwa azakhali ako akuone mkonowo," anatero. "Tiyankhula."

Azakhali anatsegula bokosi la mankhwala. Anamukhazika pa benchi, anamuunika m'maso, anamuuza kuti apinde zala ndi kutembenuza dzanja. Anatsuka chilonda.

Wachisanu anachedwa. Atsikana atatu oyamba anali atavula kale zisoti. Aphunzitsi anayamba kuyang'ana njira yochokera kuphiri.

"Nsungwi unamuona?" anafunsa.

"Anali m'mbuyo mwanga," anatero Kafupi.

Nsungwi anatulukira pa ngodya ya mpanda akupalasa pang'onopang'ono. Anali ndi zikwama ziwiri zofiira, china kumsana, china pachifuwa. Miyendo yake inali yokalikakalika ndi minga, ndipo m'tsitsi munali masamba ouma. Anadutsa mzere ali wachisanu. Awiri otsalawo anafika pambuyo pake.

Nsungwi sanapite kwa aphunzitsi. Anagoneka njinga pa udzu n'kulunjika pa benchi.

"Uli moyo," anatero.

"Ndangosupuka."

"Ndinaona mzere wa tayala ukulowa kuchigwembe, chikwama chili pa chitsamba. Ndinatsikira mpaka ku mtsinje. Ndinakuitana Kafupi, zii. Ndiye ndinati mwina dzinalo ukulinyanyala, n'kuyamba kuitana lenileni lija. Phiri lonse lalidziwa tsopano."

Palibe anaseka. Nsungwi anatsina zomangira, anavula chikwama cha pachifuwacho n'kuchiika pa miyendo ya Kafupi.

"Tenti yako."

Azakhali anamaliza kumata bandeji. Anatenga chikwamacho, anachitembenuza, anayendetsa chala pa lamba aliyense mpaka kunsonga.

"Mkono palibe chathyoka," anatero motsitsa mawu, moti anamva ndi Kafupi yekha. "Ichinso palibe chaduka."

Aphunzitsi anaitana gulu lonse. Anatchula mayina atatu. Atafika pa lachinayi anatseka cholembera.

"Lamulo langa ndinalinena Lolemba," anatero. "Likunena za munthu wovula chikwama. Za ngozi silinena kanthu. Ngati chikwama chinachoka chokha pamene Kafupi anagwa, imeneyo ndi ngozi, ndipo malo achinayi ndi ake. Ngati anachivula, sanafike, ndipo malowo ndi a wachisanu. Ine pa khona ija panalibe. Sindifunsa mboni, chifukwa gulu limene limayendera mboni silipita patali. Ndifunsa mwini wake.

"Koma usandiyankhe lero, Kafupi. Munthu amene wangogwa kumene amayankha ndi mantha kapena ndi manyazi, ndipo ine sindikufuna yankho la zimenezo. Pita ukapume. Ukumbukire bwinobwino mmene zinachitikira, kuyambira pamene tayala linatererekera mpaka pamene unakweranso njinga. Lolemba tikaweruka undipeze m'chipinda cha njinga. Chimene udzanene ndicho ndidzalembe."

Ana anayamba kubalalika. Nsungwi anadzutsa njinga yake n'kuyamba kuchotsa udzu m'masipoko.

Pa chitsamba paja, Nsungwi anachipeza chikwama cha Kafupi zomangira zonse ziwiri zili zomasula. Anazimanga yekha kuti achinyamule pachifuwa. Amene anaziona zili choncho anali iye yekha, ndipo kwa aphunzitsi sananene kanthu. Anakankha njinga kulowera ku geti osamudikira mnzake.

Pa pepala la aphunzitsi panali mayina atatu. Mzere wachinayi unali wopanda kanthu.